Kodi Wogula Wamba Angalimbane ndi Kampani Yaikulu? Yankho kwa Aphunzitsi Amene Anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zimene ndimalemba pano. Mayiwa ndi aphunzitsi, ndipo anapempha kuti dzina lawo lisatchulidwe. Nkhani yawo mwachidule ndi iyi. Kampani ya foni imene amagwiritsa ntchito inkawadula ndalama pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ati ndi malipiro a chithandizo china chimene iwo sanapemphepo. Atazindikira anadandaula, anavutika ndithu, mpaka anawabwezera. Koma atafotokozera anzawo kuntchito, anapeza kuti ambiri akudulidwa chimodzimodzi ndipo palibe amene wabwezeredwa. Atalemba nkhaniyi pa Facebook, anthu ambiri anawayankha kuti angoisiya kampaniyo apite kwina. Funso lawo ndi ili:

"Atsogoleri timasankha ndife, koma eni makampani sitiwasankha, chonsecho ndi amene agwira moyo wathu tsiku ndi tsiku kuposa phungu. Andale nawonso amadya nawo mbale imodzi. Ndiye munthu wamba ngati ine ali ndi mphamvu yanji? Ndipitirize kulimbana nazo, kapena ndingothokoza kuti yanga anandibwezera?"

Aphunzitsi, pitirizani. Koma tiyambe tagwirizana za malo pamene mphamvu yanu ili, chifukwa amene anakuyankhani pa Facebook aja akuloza pena. Iwo akuona ngati mphamvu ya wogula ili m'thumba mwake: ukakhumudwa umanyamula ndalama zako n'kukagula kwina, kampani n'kutengerapo phunziro. Zimenezi zimatheka ngati ogulitsa ali ambiri, ngati chinyengo chikuoneka ndi maso, ndiponso ngati uli ndi ndalama zokwanira zoti kuchoka kwako kumveke. Pamsika wolemera amamveka kwambiri chifukwa amagula zambiri, wosauka akachoka palibe amene amazindikira. Pachisankho sizili choncho. Voti ya mwini kampani ndi imodzi, yanunso ndi imodzi, ndipo malamulo amene kampani imayendera amapangidwa ndi anthu amene amabwera kudzapempha voti yanuyo. Mukamadziona ngati kasitomala chabe, mwalowa m'bwalo limene mwayi wanu ndi wochepa. Mphamvu yanu yaikulu ili pa unzika wanu.

Taonani mmene chinyengo chimene mwakumana nacho chimayendera. Ndalama imene amadula kwa munthu mmodzi ndi yochepa moti sangataye tsiku lonse pamzere chifukwa cha iyo, ndipo sangalembe loya ntchito. Koma ikadulidwa kwa anthu miliyoni imodzi mwezi uliwonse, imakhala chuma chambiri m'mabuku a kampani. Ululu wagawidwa pakati pa anthu ambirimbiri moti aliyense akuumva pang'ono chabe, pamene phindu launjikana pamalo amodzi. N'chifukwa chake kukubwezerani inuyo sikunawawawe. Kubwezera wodandaula mmodzi n'kusunga za ena onse amene sanadandaule ndi malonda opindulitsa kwambiri. Simunalakwe kulandira, ndalamayo ndi yanu. Kungoti kubwezeredwako sikunatseke njira imene ndalama zikutulukira.

Za kupita kwina nazonso zili ndi malire. Mu Disembala 2006, makampani akuluakulu ophika buledi ku South Africa anakweza mitengo nthawi imodzi, n'kuchepetsanso phindu la anthu amene amapikula kwa iwo kuti akagulitse. Wochita malonda wina wa ku Cape Town, Imraahn Mukaddam, anaona kuti zoterezi sizingangochitika mwangozi, ndipo anakadandaula ku bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda. Kafukufuku anaulula kuti makampaniwo ankakumana mobisa n'kumapangana mitengo. Tiger Brands inalipitsidwa chindapusa cha marandi pafupifupi 99 miliyoni mu 2007, ndipo Pioneer Foods inalipitsidwa oposa 195 miliyoni mu 2010. Wogula buledi akanasiya kampani iyi n'kupita kwa inayo, akanakapezanso mtengo womwewo, pakuti onse anali atapangana. Chimene chinathandiza ndi dandaulo loperekedwa ku ofesi imene ili ndi mphamvu yoitanitsa mabuku a kampani ndi kufunsa akuluakulu ake mafunso atalumbira.

Munthu amene anaonetsa bwino kusiyana kumeneku ndi Ralph Nader, loya wa ku America. M'zaka za m'ma 1960 anthu ankafa kwambiri pamisewu ya dzikolo, moti mu 1966 mokha anaposa 50,000. Makampani opanga galimoto ankati vuto ndi madalaivala, amathamanga, amamwa mowa, sasamala. Nader sanakane kuti madalaivala amalakwitsa. Iye anafunsa funso lina: ngozi ikachitika, chimene chimapha munthu n'chiyani kwenikweni? Nthawi zambiri ndi thupi kumenyetseka pa chiwongolero cholimba kapena pagalasi, mwinanso kuponyedwa kunja chitseko chikatseguka. Imeneyi ndi nkhani ya kapangidwe ka galimoto, ndipo mainjiniya a makampaniwo ankadziwa njira zochepetsera imfa zotere. Kungoti chimene chinkagulitsa galimoto chinali maonekedwe ndi liwiro, choncho ndalama zinkapita kumeneko. Mu 1965 Nader analemba buku lofotokoza zonsezi, ndipo mutu wake woyamba unali wonena za galimoto ya General Motors yotchedwa Corvair.

General Motors inalemba ntchito anthu oti azimutsata mobisa, kufunsa anzake za moyo wake wamseri, pofuna kupeza chomunyozetsa nacho. Nkhaniyi itaululika, mkulu wa kampaniyo, James Roche, anaitanidwa ku komiti ya Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za America, mu Malichi 1966 ndipo anapepesa poyera. Mu Sepitembala chaka chomwecho Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo lopatsa boma mphamvu yoika miyezo ya chitetezo imene galimoto iliyonse yatsopano iyenera kukwaniritsa, ndipo kuyambira 1968 galimoto zatsopano zinayenera kukhala ndi malamba omangira munthu pampando. Nader anasumira General Motors chifukwa chomulowerera m'moyo wake, ndipo mu 1970 kampaniyo inamulipira madola 425,000. Ndalamazo anaziika pa ntchito ya magulu a achinyamata ofufuza makampani ndi maofesi a boma, kenako mu 1971 anayambitsa bungwe la Public Citizen, lomwe lilipobe mpaka lero.

Munthuyu sanauze anthu kuti asiye kugula galimoto. Akanatero sizikanapita patali, chifukwa wogula sangayang'ane chiwongolero n'kudziwa ngati chidzamuthyola nthiti tsiku la ngozi. Iye anasonkhanitsa umboni n'kuupititsa kwa opanga malamulo pa nthawi imene atolankhani anali tcheru. Phindu lake linafika kwa aliyense wokwera galimoto, ngakhale amene sanamvepo dzina la Nader. Apa ndi pamene ine ndimalemekeza lamulo kuposa nzeru za wogula payekha. Lamulo limateteza ndi gogo amene sangawerenge uthenga wa pafoni, limateteza amene alibe nthawi yodandaula, limateteza amene sadziwa n'komwe kuti akudyeredwa masuku pamutu.

Zaka zinayi lamulo lija lisanasainidwe, pa 15 Malichi 1962, Pulezidenti John F. Kennedy anali atauza nyumba ya malamulo ya America kuti wogula ali ndi ufulu wotetezedwa ku katundu woopsa, wouzidwa zoona, wosankha, ndi womvedwa. N'chifukwa chake 15 Malichi ndi tsiku lokumbukira ufulu wa ogula padziko lonse. Mu 1985 bungwe la United Nations linavomerezanso mfundo zotsogolera mayiko pa kuteteza ogula. Mwa maufulu anayi aja, womvedwa ndi umene ndimaona kuti umanyamula enawo.

Sindikunena kuti kunyanyala katundu n'kopanda ntchito. Kuli ndi malo ake, bola tidziwe chimene kumachita. M'zaka za m'ma 1970 madokotala ndi anamwino m'mayiko osauka ankadandaula ndi mmene makampani ankatsatsira mkaka wam'chitini wa makanda. Amayi ankapatsidwa zitini zaulere m'zipatala, nthawi zina ndi ogulitsa ovala ngati anamwino. Mayi akayamba kumwetsa mwana wam'chitini, mkaka wam'mawere umayamba kuchepa. Zaulere zikatha ayenera kugula, ndipo ndalama zikavuta amasungunula ufa wochepa m'madzi ambiri, mwinanso madziwo osawiritsa. Ana ankatsegula m'mimba, kunyentchera, ena kumwalira. Mu 1977 gulu la INFACT la mumzinda wa Minneapolis ku America linayambitsa kunyanyala katundu wa Nestlé, kampani yaikulu pamalondawa, ndipo mipingo ndi mabungwe a m'mayiko ena analowa nawo. Nestlé sinagwe ayi. Chimene chinachitika n'chakuti dzina lake linayamba kutchulidwa pamodzi ndi imfa za ana, komiti ya Senate inaitana akuluakulu a makampani kudzayankha mafunso mu 1978, ndipo mu 1981 msonkhano waukulu wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la World Health Organization (WHO) unavomereza ndondomeko yoletsa kutsatsa mkakawu mwa njira zoterezi. Mayiko 118 anavomereza, America yokha ndi imene inakana. Kunyanyala kunaimitsidwa mu 1984 kampaniyo italonjeza kutsatira ndondomekoyo, koma mu 1988 kunayambiranso chifukwa omenyera ufuluwo anaona kuti zitini zaulere zikulowabe m'zipatala.

Kunyanyala kumeneku kunabala zipatso chifukwa kunali ndi chofuna chimodzi chomveka bwino, ndipo kunkakankhira nkhani kumalo opangira malamulo. Komabe ndondomeko ya WHO si lamulo payokha, imaluma pokhapokha dziko likaiika m'malamulo ake. Lonjezo la kampani limakhala ndi moyo nthawi yokhayo imene anthu akuyang'ana. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo lonjezo lopanda chilango kumbuyo kwake ndi wa pachala ameneyu. Osoka zovala a ku Bangladesh anazionera okha mowawa. Makampani otchuka a zovala a ku Ulaya ndi America anali ndi malonjezo okongola pamapepala pamene nyumba ya Rana Plaza, mmene munali mafakitale osokera zovala, inagwa pa 24 Epulo 2013 n'kupha anthu oposa 1,100. Pambuyo pake mabungwe a ogwira ntchito anaumirira pangano loti kampani ikaliphwanya ikhoza kuzengedwa mlandu. Makampani oposa 200 anasaina, ndipo m'pamene oyendera mafakitale odziimira paokha anayamba kulamula kuti zipilala zilimbitsidwe ndi zitseko zothawira moto zitsegulidwe.

Nkhani imene ndikuona kuti ikuyankha funso lanu mwachindunji ndi ya mankhwala otalikitsa moyo, ndipo ndikhalapo pang'ono. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ma ARV analipo kale, ndipo ankadzutsa anthu pamphasa ku Ulaya ndi America, koma mtengo wake unali woposa madola 10,000 pa munthu mmodzi pachaka. Kwa anthu ambiri a mu Africa, mtengo umenewu unkatanthauza imfa. Mu 1997 nyumba ya malamulo ya South Africa inasintha lamulo la mankhwala kuti boma lizitha kupeza mankhwala otsika mtengo. Mu 1998 makampani opanga mankhwala, omwe pomaliza analipo 39, anasumira boma la Nelson Mandela ponena kuti lamulolo likuwalanda umwini pa mankhwala amene anatulukira.

Apa panalibe zonyanyala. Unganyanyale bwanji chinthu chimene ukufa chifukwa chochisowa? Pa 10 Disembala 1998 ku Cape Town, Zackie Achmat ndi anzake ochepa anayambitsa gulu la Treatment Action Campaign (TAC). Ambiri amene analowa m'gululi anali amayi a m'madera osauka a m'mizinda, ochuluka mwa iwo ali ndi kachilombo. Ntchito yawo yaikulu inali kuphunzira. Ankaphunzitsana mayina a mankhwala, mmene kachilombo kamawonongera chitetezo cha thupi, tanthauzo la chiwerengero cha CD4, ngakhalenso malamulo a zamalonda a pakati pa mayiko amene ankachititsa kuti mitengo ikhale yokwera. Mayi amene sanamalize sukulu ankatha kuimirira pamaso pa nduna kapena mkulu wa kampani n'kufunsa funso loti wofunsidwayo asowe kolowera. Inu monga aphunzitsi mukudziwa chimene chimachitika munthu akamvetsa chinthu chimene ankachiopa. Ankavala matisheti olembedwa kuti ali ndi HIV, pa nthawi imene kunena zimenezi poyera kunkaphetsa munthu: Gugu Dlamini anaphedwa pafupi ndi Durban mu Disembala 1998 atangoulula kuti ali ndi kachilombo. Achmat, yemwe nayenso anali ndi kachilombo ndipo akanatha kupeza mankhwalawo, anakana kumwa kwa zaka zingapo pofuna kuti anthu wamba ayambe apatsidwa mwayi. Mu 2000 anapita ku Thailand n'kubwera ndi mankhwala otsika mtengo a fluconazole, ochiza matenda ena amene amagwira anthu a kachilombo, n'kulengeza poyera kuti waphwanya lamulo la umwini dala.

Mu Febuluwale 2001 kampani ya ku India yotchedwa Cipla inauza bungwe la madokotala ongodzipereka la Médecins Sans Frontières kuti ikhoza kuligulitsa mankhwala atatu ophatikiza pa madola 350 pa munthu pachaka. Mfundo yakuti mankhwalawa sangatsike mtengo inathera pomwepo. Gulu la TAC linaloledwa kulowa m'mlandu uja kuti lipereke umboni, anthu anadzaza misewu ya Pretoria ndi ya m'mizinda ina padziko, ndipo makampaniwo anaona kuti ngakhale atapambana m'khoti, dzina lawo likhala litawonongeka. Pa 19 Epulo 2001 onse anachotsa mlanduwo. Mu Novembala chaka chomwecho, ku Doha, mayiko a m'bungwe la World Trade Organization anagwirizana kuti malamulo a umwini asalepheretse dziko kuteteza thanzi la anthu ake.

Nkhondo sinathere pamenepo. Boma la Thabo Mbeki, lomwe gululi linali litangoliikira kumbuyo, linkazengereza kupereka mankhwalawo. TAC inalitengera kukhoti, ndipo mu Julayi 2002 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linalamula kuti nevirapine, amene amateteza mwana kuti asatenge kachilombo kwa mayi ake, aziperekedwa m'zipatala za boma. Ma ARV anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Anthu omwewo anaima ndi boma polimbana ndi makampani, kenako anaima ndi malamulo a dziko polimbana ndi boma. Sanali a chipani, anali a nkhani yawo. Ndipo anagwiritsa ntchito chida chilichonse chimene demokalase imapereka, khoti, msewu, nyuzipepala, komiti ya aphungu. Zida zimenezi zimakhalapo kwa aliyense, koma zimangokhala ngati palibe wozinyamula.

Tsopano mbali ya funso lanu imene imawawa kwambiri, yakuti andale amadya nawo mbale imodzi. Simukunama. Kampani yaikulu siyembekezera chisankho. Ili ndi anthu olembedwa ntchito amene amakumana ndi nduna, aphungu ndi akuluakulu a maofesi nthawi ndi nthawi, amawerenga bilu iliyonse isanakambidwe, n'kupempha kuti mawu awiri kapena atatu asinthidwe. Imathandiza zipani ndi ndalama za kampeni, kawirikawiri mbali zonse ziwiri kuti aliyense amene apambane akhale wake. Mkulu wa bungwe loyang'anira makampani amadziwa kuti akadzapuma pantchito ya boma, mpando wa malipiro abwino ukhoza kumuyembekezera ku makampani omwewo. Zambiri mwa izi si ziphuphu zoti khoti lingamange nazo munthu, n'zololedwa, ndipo ndiye kuvuta kwake. Nzika imavota kamodzi pa zaka zinayi kapena zisanu n'kubwerera kunyumba. Kampani imatsala pomwepo.

Makampani a fodya ndi amene anafika nayo patali njira imeneyi. Kwa zaka zambiri ankalipira kafukufuku wongofuna kuti anthu azikayikira zoti kusuta kumayambitsa khansa. Mu Epulo 1994 akuluakulu a makampani 7 anaima pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo ya America, atalumbira, n'kunena kuti sakhulupirira zoti nikotini imamanga munthu kuti alephere kusiya kusuta. Zikalata za m'makampani momwemo zitatuluka, kudzera mwa antchito olimba mtima ndi milandu ya m'makhoti, zinaoneka kuti ankadziwa kalekale. Mu 1998 makampaniwo anagwirizana ndi maboma a zigawo 46 za dzikolo kuti alipira madola pafupifupi 206 biliyoni pa zaka 25. Pangano la WHO la 2003 lochepetsa kusuta lili ndi ndime yapadera yolamula maboma kuti asalole makampani a fodya kulowerera popanga mfundo zaumoyo.

Musaganizenso kuti bungwe loyang'anira likakhalapo ndiye kuti ntchito yatha. Volkswagen inaika pulogalamu ya kompyuta m'galimoto za dizilo pafupifupi 11 miliyoni, imene inkazindikira kuti galimoto ili pamayeso n'kuchepetsa utsi woipa, pamene pamsewu utsiwo unkapitirira muyezo mpaka kuwirikiza ka 40. Mayeso a boma sanagwire chinyengocho kwa zaka zingapo. Amene anayamba kuona kusiyanako ndi kagulu ka ofufuza a pa West Virginia University, kotumidwa ndi bungwe lomwe si la boma, komwe kanangoyendetsa galimoto zitatu pamsewu weniweni zitamangiriridwa makina oyezera utsi. Nkhaniyi inaphulika mu Sepitembala 2015.

Ine sindidana ndi makampani. Amalemba anthu ntchito, ndipo mankhwala aja anapulumutsa anthu anapangidwa ndi makampani, Cipla nayonso ndi kampani. Koma kampani inapangidwa kuti ipezere eni masheya phindu, ndipo ngati chinyengo chili chopindulitsa komanso chosalangidwa, kampani yachilungamo ndi imene imaluza pampikisano. Lamulo lolimba limathandiza ndi wamalonda woona mtima yemwe. Palinso mfundo ina imene timaiiwala. Kampani sibadwa ngati munthu, imapangidwa ndi lamulo. Chiphaso chake chimachokera kuboma. Ufulu woti eni ake asalandidwe katundu wawo kampani ikalephera kubweza ngongole umachokera m'lamulo. Umwini pa mankhwala, chilolezo chokumba miyala, mafunde a mumlengalenga amene kampani ya foni imagwiritsa ntchito, zonsezi zimaperekedwa m'dzina la anthu, inu muli momwemo. Ndiye mukamafunsa kampani mafunso simukupempha chifundo ayi. Amene anapereka chilolezo ali ndi ufulu woika malire ake.

Sindikubisirani kuti ambiri amaluza, ndipo opambana amapambana mochedwa. Ku Bhopal, India, mpweya wapoizoni wochokera kufakitale ya Union Carbide unapha anthu zikwi zambiri mu Disembala 1984. Kampaniyo inalipira madola 470 miliyoni mu 1989, ndalama zimene opulumuka akhala akunena kuti n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi kuvulala kwawo. Anthu 1,826 a m'midzi yozungulira Chingola ku Zambia anasumira kampani ya migodi ya Vedanta ku London mu 2015 chifukwa cha madzi oipitsidwa ndi mgodi wa kopa. Zinatenga mpaka 2019 kuti khoti lalikulu la Britain lingovomereza kuti mlanduwo ungazengedwe kumeneko, ndipo mu 2021 anagwirizana za chipukuta misozi kampaniyo osavomera kulakwa. Makampani amasumiranso odandaula pofuna kuwatopetsa. Kampani yogulitsa zakudya ya McDonald's inasumira Helen Steel ndi Dave Morris mu 1990 chifukwa cha kapepala koidzudzula kamene ankagawa ku London, ndipo chigamulo chinatuluka mu 1997 awiriwa atadziimira okha m'khoti popanda ndalama za loya. Mu 2005 khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya linagamula kuti mlandu wawo sunayende mwachilungamo. Koma amene amati demokalase ilibe phindu akumbukire Ken Saro-Wiwa, amene anatsogolera anthu a mtundu wa Ogoni podandaula za kuwonongeka kwa malo awo chifukwa cha mafuta a Shell. Nigeria inali pansi pa ulamuliro wa asilikali wa Sani Abacha, ndipo iye ndi anzake 8 ananyongedwa pa 10 Novembala 1995. Achmat anali ndi khoti lodziimira palokha loti athawireko. Saro-Wiwa analibe.

Nanga inu muyambire pati? Muli kale ndi chinthu chimene odandaula ambiri amasowa, anzanu akuntchito amene adulidwa mofanana. Khalani nawo pansi, aliyense abwere ndi mauthenga a pafoni, masiku ndi ndalama zimene anadulidwa, mulembe zonse papepala limodzi. Munthu mmodzi akadandaula, kampani imati makina anasokonekera. Anthu ambiri akabwera ndi masiku ofanana ndi ndalama zofanana, yankho limenelo silingagwirenso. Lembani kalata, musamangoimba foni, pakuti zolankhula pafoni zimakanidwa mawa lake. M'kalatamo funsani kuti akuonetseni tsiku ndi njira imene aliyense wa inu anavomerera chithandizocho, ndiponso kuti anthu amene analembetsedwa motere ndi angati. Funso lolembedwa lili ndi mphamvu kuposa mmene timaganizira. Mu 2011 Max Schrems, mnyamata wophunzira zamalamulo wa ku Austria, analembera Facebook kufunsa zonse zimene imasunga zokhudza iye, ndipo analandira masamba oposa 1,200. Dandaulo lina limene anapereka mu 2013 linafika kukhoti lalikulu la European Union, lomwe mu 2015 linathetsa pangano limene makampani ankatumizira zinsinsi za anthu a ku Ulaya ku America.

Apatseni masiku oti ayankhe, musunge nambala ya dandaulo lanu, ndipo nthawiyo ikatha pitani nalo ku bungwe loyang'anira makampani a mafoni komanso loteteza ogula. Ngati kwanuko kuli bungwe la ogula, lowani, chifukwa amadziwa zitseko zimene zimatseguka msanga ndipo mwina ali kale ndi madandaulo ena ofanana ndi anu. Pezani mtolankhani mmodzi amene amatsata nkhani mpaka kumapeto, ameneyo aposa khumi ongolemba kamodzi. Phungu wanu mumuyendere, ngakhale simunamuvotere, mum'pemphe afunse funso m'nyumba ya malamulo, chifukwa funso lofunsidwa mmenemo nduna iyenera kuliyankha poyera.

Kulikonse kumene mukupita, chofuna chanu chikhale chimodzi ndipo chisasinthe: munthu asadulidwe ndalama asanavomere momveka bwino, ndipo onse amene anadulidwa abwezeredwe, odandaula ndi osadandaula omwe. Nenani zokhazo zimene mungazitsimikize ndi umboni. Musalembe kuti ndi akuba, lembani tsiku ndi ndalama, owerenga aweruza okha, ndipo loya wa kampani asowa pokugwirani. Akakuitanani kuti mukakambirane pambali, pitani awiri kapena atatu, ndipo musasaine pepala lokutsekani pakamwa posinthana ndi ndalama zanu zomwe. Gawanani ntchito, wina asunge mapepala, wina alembe makalata, wina alankhule ndi atolankhani, chifukwa chimene kampani imadalira kwambiri ndi kutopa kwanu. Mukadzapambana, pakapita miyezi ingapo mudzaonenso ngati kudulako sikunabwerere ndi dzina lina.

Chomaliza chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti mabungwe oyang'anira makampani akafuna kusintha malamulo, kawirikawiri amalengeza kuti akufuna maganizo a anthu. Chilengezocho chimakhala chaching'ono, m'kati mwa nyuzipepala kapena patsamba lawo la intaneti, ndipo chimakhala ndi tsiku lotsekera. Makampani amatumiza masamba ambirimbiri olembedwa ndi maloya awo, pamene ogula nthawi zambiri satumiza kanthu. Wina pagulu lanu akhale ndi udindo woyang'ana zilengezo zimenezi. Pepala lanu lija la masiku ndi ndalama lidzalowa m'fayilo imodzi ndi zolemba za maloyawo, ndipo opanga chigamulo sadzanena kuti palibe amene anadandaula.

Mukatumiza kalata yoyamba ija, aphunzitsi, mundilemberenso mundiuze zimene ayankha.